Maofesi akale a ku Joni akusanduka nyumba zogona: akupindula ndani?

Bambo a Tadala: Abale, ndili ndi funso. Aliyense amene anayendapo usiku m'tauni ya Johannesburg akudziwa kuti nyumba zosanja zambiri zili mdima bii, mulibe munthu, pomwe ku Hillbrow ndi ku Berea anthu akupanikizana asanu m'chipinda chimodzi chogawa ndi makatani. Carlton Hotel ija anaitseka chakumapeto kwa m'ma 1990 ndipo zipinda zake zangokhala. Makampani anathawira ku Sandton, ngakhale msika wa masheya wa JSE unasamukira komweko mu 2000. Tsopano ena akugula maofesi akalewa n'kuwadula timafulati ting'onoting'ono. Kodi zimenezi zikutithandiza ife amene tinabwera kudzasaka, kapena ndi bizinesi ya eni ndalama basi? Ine ndikukhala m'nyumba yotere, ndipo mlamu wanga akuti ndikungomwaza ndalama.

Nabanda wa ku Turffontein: Alamu anuwo akulipira zingati kumene akukhalako? Tiyambire pamenepo.

Bambo a Tadala: Ali mu mkhukhu, kachisakasa ka malata, ku Diepsloot, lendi yawo siyifika ndi theka la yanga. Koma amakwera matakisi awiri popita, awiri pobwera, ndipo amadzuka nkhuku zisanalire. Ine kuntchito ndimapita wapansi.

Nabanda wa ku Turffontein: Ndiye awerengere ya takisiyo ya mwezi wonse, aphatikize ndi lendi, kenako abwere adzatiuze amene akumwaza.

Che Wadi: Tatifotokozerani bwino mkatimo, bambo a Tadala. Ife timangoziona kunja zitapakidwa penti wowala.

Bambo a Tadala: Chipinda n'chimodzi, Che Wadi. Mukangotsegula chitseko, kumanzere kuli sinki ndi kasitovu ka mbale ziwiri, kumanja kabafa kokhala ndi shawa ndi chimbudzi, kutsogoloko bedi ndi zenera. Kuyambira pachitseko kukafika pazenera ndi mapazi owerengeka chabe. Zenera lake n'la ofesi ndithu, lalikulu koma limangotseguka pang'ono pamwamba, moti ukakazinga usipa fungo limagona nawe mpaka mawa. Pageti umayika chala pa makina kuti ulowe. Magetsi n'ogula mayunitsi, madzi otentha amachokera ku makina amene ali padenga, ndipo padenga pomwepo ndi poyanika zovala, amayi amakumana kumeneko Loweruka m'mawa. Mbaula ndi sitovu ya parafini n'zoletsedwa, akakupeza nazo ndi chindapusa. Kumapeto kwa khonde lililonse kuli chitseko chothawira moto, chosakhoma, ndi paipi yofiira yozimitsira moto. Chowawa ndi lifiti. Ikafa, thumba la ufa umakwera nalo pamapewa mpaka pamwamba. China n'chakuti mlendo akafuna kugona amalembetsa pageti ndipo pali kandalama kolipira, ndiye m'bale akatsika basi ku Park Station usiku sungangoti bwera udzagone pamphasa.

Che Wadi: Apo ndiye pavuta. Tonsefe tinafikira kwa munthu. Nyumba yoletsa alendo ikanakhalapo nthawi imeneyo bwenzi ena tikugona pa siteshoni.

Nabanda wa ku Turffontein: Inu mukudandaula za alendo, ine ndikudandaula za khomo lenilenilo. Kuti akupatse fulati amafuna pasipoti yokhala ndi pemiti, payslip, sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu, ndi dipoziti. Ine ndimachapa ndi kusita m'nyumba za anthu, malipiro amandipatsa pamanja Lachisanu. Payslip ndiitenga kuti? Anyamata ogulitsa zinthu pamsewu ndi a maganyu a konkire aitenga kuti? Nyumba zabwinozo n'za anthu amene zinthu zinawayendera kale pang'ono. Otsalafe timapita kwa mastandi, malandilodi a kuno, kuseri kwa nyumba, kapena m'nyumba zolandidwa ndi zigawenga zija, kumene safunsa pepala koma ndalama yokha.

Che Wadi: Ndipo tikudziwa kumene zimathera. Usindiso.

Mphunzitsi Wopuma: Tikumbutseni bwino, ife a kuno ku Zomba tinangomva pa wailesi.

Che Wadi: Pa 31 Ogasiti 2023, usiku, nyumba yotchedwa Usindiso, ya nsanjika zisanu, pa 80 Albert Street ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana, ndipo Amalawi anzathu analimo. Mwini nyumbayo ndi khonsolo ya mzinda. Kale nthawi ya tsankho inali ofesi ya mapasi a anthu akuda, kenako inakhala malo osungira amayi ndi ana ozunzidwa, kenako inagwa m'manja mwa anthu otolera lendi mwachinyengo. Mkatimo anthu anamangamo timikhukhu ta matabwa ndi mapulasitiki, njira zothawira zina zitatsekedwa. Ena anachita kudumpha pazenera. Tinasonkha ndalama za maliro m'magulu athu, sindifuna kuzikumbuka. Chimene ndikunena n'chakuti nyumba ya m'tauni siikhala yopanda anthu nthawi yaitali. Mwini wake akaisiya, anthu amalowamo ndithu, koma amalowa mopanda madzi, mopanda chimbudzi, magetsi olumikiza okha.

Chisomo wa ku Poly: Ndiwonjezere pang'ono, akuluakulu. Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi jaji wopuma Sisi Khampepe inatulutsa lipoti mu 2024, ndipo inanena kuti mzinda uli ndi mlandu chifukwa sunatsate malamulo ake omwe okhudza moto ndi chitetezo cha nyumba. Komanso funso loti bwanji osangowatulutsa anthu n'kukonza nyumbazo lili ndi yankho lake kukhoti. Pa mlandu wa Olivia Road mu 2008 ndi wa Blue Moonlight mu 2011, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti anthu osauka sangangotayidwa pamsewu, mzinda uyenera kukambirana nawo ndi kuwapezera pokhala pongoyembekezera. Malo oyembekezerawo ndi ochepa, ndiye zinthu zimangoima: mwini nyumba sangakonze, okhalamo sangachoke.

Nabanda wa ku Turffontein: Ndiye mwana wanga, amene akukonza maofesiwa akuchita chifukwa cha chifundo?

Chisomo wa ku Poly: Ayi mayi, pali phindu. Boma la South Africa linaika lamulo la msonkho lotchedwa Urban Development Zone, loti munthu akakonza nyumba yakale m'dera losankhidwa la m'tauni amachotsera ndalama zokonzerazo pa msonkho, 20 peresenti chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Palinso TUHF, imene inayamba mu 2003, yobwereketsa ndalama kwa anthu ofuna kugula ndi kukonza nyumba za m'kati mwa tauni. Kumbali ina kuli mabungwe osafuna phindu monga Johannesburg Housing Company, ya mu 1995, imene inamanga mafulati a Brickfields ku Newtown ndi kukonza nyumba zina zakale. Kungoti nyumba zothandizidwa ndi boma zimafuna nzika kapena munthu wa chilolezo chokhazikika, choncho mfundo yanu ija ya mapepala ikadali pomwepo. Mu 2019 mzinda unakhazikitsanso ndondomeko yoti womanga mafulati 20 kapena kuposerapo apatule 30 peresenti ikhale ya anthu opeza zochepa.

Nabanda wa ku Turffontein: Opeza zochepa a pa pepala, osati ife.

Mmisiri wa ku Kawale: Ndilowepo ngati womanga. Anthu amaganiza kuti kusandutsa ofesi kukhala nyumba ndi kungoimika makoma. Ntchito yaikulu ndi mapaipi. Ofesi imakhala ndi zimbudzi malo amodzi pansanjika iliyonse, pafupi ndi masitepe. Ukadula mafulati makumi awiri pansanjika imodzi, lililonse likufuna paipi ya madzi abwino, ya madzi akuda ndi ya chimbudzi, ndiye uyenera kuboola silabu kuchokera pamwamba mpaka pansi osadula zitsulo za mkati. Chachiwiri ndi kuwala. Ofesi yotakata kwambiri pakati pake sipafika dzuwa, ndipo chipinda chopanda zenera si chipinda, ndi sitolo. N'chifukwa chake nyumba zakale zopyapyala zimasanduka bwino kusiyana ndi zikuluzikulu zagalasi. Koma ubwino wake ndi waukulu: maziko, zipilala ndi masilabu zilipo kale, ndipo m'menemo ndi mmene mumalowa simenti ndi zitsulo zambiri. Msewu ulipo, paipi ya suweji ili pakhomo. Sudula mtengo, sulanda munda wa munthu.

Achimwene a ku Rosettenville: Nanga makontena aja? Ku Maboneng kuli nyumba yonse ya makontena okhaokha.

Chisomo wa ku Poly: Imeneyo ndi Drivelines Studios, anaimaliza mu 2017 ndi makontena 140. Ku Newtown kuli Mill Junction, nkhokwe zakale za tirigu ndi chimanga zimene anaziboola mazenera n'kusanjika makontena pamwamba, mumagona ana a sukulu za ukachenjede.

Achimwene a ku Rosettenville: Ndiye tiuze aboma atipatse nkhokwe za ku Kanengo tikagonemo.

Anaphiri a Area 25: Zisiyeni zimenezo achimwene, tikufuna mukhale chimanga osati inu.

Mmisiri wa ku Kawale: Kontena musaitengere pa zithunzi. Ndinagwirapo ntchito yosandutsa kontena kukhala ofesi, mwezi wa Okutobala masana simungakhalemo, chitsulo chimawotcha dzanja. Pofika poti muike zotchinga kutentha mkati, mudule mazenera, muwotcherere mafelemu, muike denga lina pamwamba, ndalama yake yakwana chipinda cha mabuloko. Kumene kuli madoko makontena otha ntchito amapezeka motchipa. Kuno kontena imachita kukwera lole kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo a mashopu amailimbirana.

Mphunzitsi Wopuma: Mwakamba za ku Joni mokwanira, koma nkhaniyi ili ndi mchira wake kwathu kuno. Likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, mzindawo unali utajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa, ndipo ngongole yoyambira kumanga inachokeranso komweko. Anaujambula motayana: Capital Hill uko, City Centre apa, Old Town kutsidya, mafakitale ku Kanengo, pakati pake tchire ndi mitengo. Mapuloti akuluakulu ku Area 10 ndi 43, anthu wamba kutali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo ambiri mwa iwo akukhala m'malo osajambulidwa. Taonani Mtandire ndi Area 47, zagundana, koma mbali ina nyumba imodzi ili pamalo amene mbali inayo pakukhala mabanja khumi. Ife vuto lathu si maofesi opanda anthu, tilibe ambiri. Vuto ndi malo ogona tulo pakati pa mzinda: mapuloti omangidwa mpanda zaka ndi zaka mkati muli chimanga, ndi nyumba zosatha zimene zamera udzu pa lintala.

Bambo a Tadala: Zoona aphunzitsi. City Centre ikangokwana 6 koloko madzulo mumangotsala alonda.

Anaphiri a Area 25: Mukamanena za nyumba zing'onozing'ono zothithikana ngati chinthu chatsopano ine ndimaseka. Mdadada ndi chiyani? Ine kuseri kwa nyumba yanga ndinamanga zitseko zinayi, chipinda ndi pabalaza chilichonse, bafa ndi chimbudzi panja, mpopi umodzi. Mukukhala mphunzitsi, telala, mnyamata wa kabaza ya njinga yamoto ndi mayi wogulitsa kaunjika. Palibe amene ndinamufunsa payslip, ndinangofunsa kwawo ndi kumene amapemphera. Amene tikusunga anthu m'tauni muno ndife malandilodi a mdadada ndi a boyizi kota, osati Malawi Housing Corporation. Koma ukapita kubanki kuti akubwereke uwonjezere zitseko, chiwongola dzanja chake umabwerera pakhomo.

Nabanda wa ku Turffontein: Anaphiri, musadziyeretse kwambiri. Malandilodi enanu mumamanga mpaka pampanda, osasiya ndi poyanika thewera, chimbudzi chimodzi mabanja asanu ndi atatu. M'mawa mzere wake ngati pa chigayo.

Anaphiri a Area 25: Alipo otero, sindikana. Koma chimbudzi chokumba chikadzaza pa puloti yodzaza kale, mukumba pati china? Nkhani yake ndi imeneyo. Suweji ya mapaipi inafika madera ochepa okha.

Chisomo wa ku Poly: Apa Anaphiri agunda penipeni. Kuthithikana pakokha sikoipa, chimene chimapha ndi kuthithikana kopanda madzi, ngalande ndi zimbudzi. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anavuta kwambiri m'madera otere. Ndipo tikakana kuti anthu achuluke m'malo abwino a pakati, amakamanga m'malo oopsa, m'mphepete mwa Lingadzi kapena m'mapiri. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu aja sanakwere phiri chifukwa chokonda mphepo, anasowa malo otsika mtengo pafupi ndi ntchito. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha bungwe la CCODE ndi magulu a amayi osunga ndalama, amene anamanga nyumba ku Area 49 ku Lilongwe ndi ku Angelo Goveya ku Blantyre. Anakambirana ndi akuluakulu a mzinda kuti mapuloti akhale aang'ono kusiyana ndi a nthawi zonse, anaumba okha zidina, ndipo anagwiritsa ntchito zimbudzi za ecosan zimene sizifuna kukumba dzenje latsopano, mumathira phulusa ndi dothi, pakapita miyezi mumafukula manyowa.

Achimwene a ku Rosettenville: Manyowa amenewo ine ndiwo zake sindidya.

Anaphiri a Area 25: Ndi mtengo wa feteleza wa masiku ano mudya, mudzapemphanso zina.

Mphunzitsi Wopuma: A msinkhu wanga akukumbuka nyenyezi yofiira ya nthawi ya Kamuzu, imene ankaijambula pa nyumba zakutha m'tauni kuti mwini wake akonze kapena agwetse. Khonsolo ya Blantyre inadzaiyambitsanso zaka zapitazi. Ine ndimati m'malo mongoopseza kugwetsa, bwanji osauza eni mashopu a ku Limbe ndi ku Malangalanga kuti amene amange zogona pamwamba pa shopu amuchepetsera msonkho wa khonsolo? Amwenye akale ankachita zomwezo, shopu pansi banja pamwamba. Wogwira ntchito m'shopu akanatsika masitepe m'malo mokwera minibasi kuchokera ku Bangwe kapena kwa Chinsapo.

Che Wadi: Koma Mmalawi ndi nyumba yosanja, aphunzitsi? Ife timafuna pakhomo poti tiyale mphasa, tiike mbaula, tidzale mpiru, nkhuku ziwiri zizingoyendayenda. Maliro akagwa anthu akhala pati?

Bambo a Tadala: Che Wadi, nyumba ya Ponte ku Joni ili ndi nsanjika 54 ndipo anthu ochokera m'mayiko a mu Africa muno akukhalamo, ena anakulira m'midzi ngati ife. Nyumba ija inamangidwa mu 1975 ngati ya anthu olemera, inadzawonongeka mpaka zinyalala kuunjikana m'chibowo chimene chili pakati pake, anaikonzanso ndipo lero mabanja akulereramo ana. Munthu amazolowera. Chimene sindinazolowere ine ndi ana kusewera mpira m'khonde chifukwa pansi palibe bwalo. Akanati posandutsa nyumbazi azisiyako nsanjika imodzi kapena denga likhale la ana ndi misonkhano.

Nabanda wa ku Turffontein: Ndipo azimanganso zipinda za munthu mmodzi zogawana bafa ndi khitchini, zolipira pa sabata, zosafuna sitetimenti ya kubanki. Anthu a m'nyumba zolandidwa amalipira kale lendi mwezi ndi mwezi kwa zigawenga. Ndalama ilipo, kungoti ikupita kolakwika. Ndipatseni chitseko chokhoma, mpopi wotuluka madzi ndi masitepe oti ndithawirepo moto, za matailosi ndi shawa yangayanga ndidzaziona m'tsogolo.

Mmisiri wa ku Kawale: Kwathu kuno sitikufunika nsanjika 54, magetsi ake a lifiti ati? Ziwiri kapena zitatu zakwana, munthu amakwera ndi miyendo, madzi amafika ndi thanki. Pa puloti imodzi ya ku Kawale kapena Chilinde mutha kukhala mabanja asanu ndi limodzi, pakati n'kutsala bwalo la mbaula ndi chingwe cha zovala, Che Wadi n'kuyala mphasa yawo. Koma tisamange ndi njerwa zootcha. Uvuni umodzi umadya mitengo yambirimbiri, Dzalanyama ikutha tikuona, ndipo maenje oumbira njerwa ndi amene asanduka madamu a udzudzu m'makwalala. Kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Pali mabuloko a simenti, palinso njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono zopanikiza pa makina, zosaotcha. Zikaumbidwa bwino khoma limatuluka losalala, pulasitala mutha kuisiya.

Anaphiri a Area 25: Ndiye amisiri, mdadada wanga uja ndingathe kusanjikapo zitseko zina zinayi pamwamba? Ana akundiuza kuti ndingochotsa malata n'kuthira silabu.

Mmisiri wa ku Kawale: Mayi, musayerekeze musanaone maziko. Midadada yambiri inamangidwa ndi matope m'malo mwa simenti, khoma la njerwa imodzi, maziko osafika ndi m'bondo. Silabu ndi yolemera, ikhoza kukhala chaka osaonetsa kanthu, mvula ikadzanyowetsa pansi n'kutsikira anthu ali m'tulo. Nthawi zambiri timaimika zipilala zatsopano kunja kwa khoma, chilichonse ndi phazi lake la konkire, kuti silabu ikhale pa zipilalazo osati pa khoma lakale. Pamafunika injiniya awerengere zitsulo, ndipo pulani ipite kukhonsolo. Muganizirenso chimbudzi, mabanja akawirikiza dzenje lija silipirira.

Anaphiri a Area 25: Anamanga ndi malemu bambo a kunyumba, ndikukumbuka kuti simenti inalowa m'maziko mokha, khoma ndi dothi.

Mmisiri wa ku Kawale: Ndiye khomalo lisanyamule kanthu. Uzani mnyamata akumbe pangodya imodzi yakuseri mpaka aone pothera maziko, aike tepi kapena ndodo, ajambule. Ajambulenso mpata umene uli pakati pa khoma ndi mpanda, ndione ngati zipilala ndi masitepe zingakwane. Munditumizire kumbali, Lachiwiri ndili ndi ntchito ku Area 49, ndikhoza kudzera.

Anaphiri a Area 25: Mubwere chakum'mawa, masana ndimakhala kumsika wa Nsungwi.